Ndinaona komboni ndi mayadi paliponse, kafukufuku wanga n'kubwezedwa

Chida chimene chinadzandigwetsa ndinachikonda tsiku lomwe ndinachiphunzira. Munali m'chaka choyamba cha digiri yachiwiri, kuno ku Lusaka, m'kalasi la zolembalemba. Aphunzitsi analemba pabolodi mawu awiri, pala ndi phala, n'kufunsa chimene chikuwasiyanitsa. Ndi kampweya chabe kotuluka pambuyo pa p. Kakakhalapo ndiye kuti mukunena chakudya cha m'mawa, kakasowa mukutuma mwana kuti akapale moto. Anati tanthauzo silikhala m'liwu palokha, limabadwa pamene liwulo lasiyana ndi linzake. Ganizo limeneli ndi la Ferdinand de Saussure wa ku Geneva, amene anamwalira mu 1913, ndipo zimene ankaphunzitsa zinasindikizidwa mu 1916 kuchokera m'makope a ophunzira ake. Roman Jakobson analigwiritsa ntchito pofufuza kamvekedwe ka mawu. Atakumana ndi Claude Lévi-Strauss ku New York pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Lévi-Strauss analitenga n'kupita nalo ku nthano ndi miyambo: chachiwisi ndi chophika, moyo ndi imfa, kumwamba ndi pansi. M'mabuku a kusukulu amati binary opposition. Ine pano ndizingoti ziwiri zotsutsana.

Kwa mwana wa Mchewa zimenezi sizinali zachilendo. Tinakula tikudziwa kuti kuli mudzi, kuli thengo. Zilombo za gule zimachokera kudambwe n'kulowa pabwalo. Pa nkhani za mdulo akuluakulu amanena za munthu wotentha ndi wozizira. Choncho pepala langa loyamba ndinalemba za nthano za Kalulu, ndipo njira yake inali yosavuta. Chochitika chilichonse cha m'nthano ndinkachilemba m'chiganizo chimodzi chachifupi pa kakhadi kake, kenako makhadi ofanana n'kuwaunjika pamodzi. Milu inatuluka iwiriiwiri: wamphamvu ndi wofooka, wa m'mudzi ndi wa m'thengo, wolima ndi wakuba. Kalulu sankakhala mulu umodzi. Ndi wamng'ono koma amagonjetsa Njovu, ndi wa m'thengo koma amadya za m'munda, ndipo mundawo uli pakati pa mudzi ndi thengo. Lévi-Strauss analemba mu 1955 kuti wochenjera wa m'nthano ntchito yake ndi yomweyi, kuima pakati pa ziwiri zimene sizingakumane. Ndinakhoza bwino pepalalo. Koma chimene ndinachoka nacho ndi mizere iwiri ija. Kalulu wa pakati ndinamusiya m'kalasi momwemo.

Ndikanadziwa nthawi imeneyo kuti nthano imalola kugawidwa chifukwa ndi yaifupi, ili ndi poyambira ndi pothera, ndipo wosimba anaimanga dala ndi mbali ziwiri. Nyuzipepala ya miyezi isanu ndi umodzi si choncho, ndipo munthu amene mukucheza naye pakhonde pake si choncho n'komwe.

Pa kafukufuku wamkulu ndinasankha mmene nyuzipepala zinalembera za kolera wa mu 2017 ndi 2018. Mliriwo unalengezedwa mu Okutobala 2017, unayambira kukomboni ya Chipata ya muno mu Lusaka n'kufika ku Kanyama. Pofika Januwale 2018 asilikali anali m'misewu ya m'tauni kuyeretsa, mavenda anachotsedwa, misika ina inatsekedwa, masukulu anachedwa kutsegulidwa, ndipo ku Kanyama kunaikidwa lamulo loletsa kuyenda usiku, mpaka kunabuka chipolowe. Ndisanawerenge ngakhale nkhani imodzi, ziwiri zanga zotsutsana ndinali nazo kale: komboni ndi mayadi. Ndani wa mu Lusaka amene sazidziwa? Mzinda uno unakhala likulu mu 1935, ndipo amene anaujambula anaika Azungu kumtunda kwa Ridgeway, antchito awo n'kuwasiya m'makomboni. Mpaka lero timati apamwamba, timati a kukomboni. Kugawanika kumeneku kulipodi, sindinakupeke. Kulakwa kwanga kunali kuganiza kuti chinthu chikakhala choona mumzinda ndiye kuti chilinso m'nkhani iliyonse yolembedwa za mzindawo.

Ndinasonkhanitsa nkhani 120 za m'nyuzipepala zitatu, kuyambira Okutobala 2017 mpaka Marichi 2018. Zambiri ndinazipeza ku National Archives ku Ridgeway, kumene amasunga nyuzipepala zakale. Pa fomu yanga yochongera panali funso limodzi lalikulu: kodi nkhaniyi ikusiyanitsa komboni ndi mayadi, eya kapena ayi? Nkhani ikangotchula Kanyama, Chawama kapena Misisi, ndinkachonga eya. Mayadi akapanda kutchulidwa, ndinkalemba m'mphepete kuti "abisika". Pomaliza ndinali ndi eya 108 mwa 120, ndipo mtima unali m'malo. Lero ndikaona chiwerengero chotere pa ntchito ya munthu wina ndimayamba ndafunsa ngati fomu yakeyo ikanatha n'komwe kupereka ayi. Yanga sikanatha, chifukwa mbali yachiwiri ikasowa ndinkaiikamo ndekha.

Panalinso mafunso a papepala amene ndinapatsa anthu 60 ku Kanyama. Limodzi linkati: "Kodi kolera amabwera chifukwa cha boma kapena chifukwa cha anthu?" Panali timabokosi tiwiri basi. Angapo anayamba kufotokoza za zimbudzi zosefukira mvula ikagwa, za mtengo wa madzi, za eni nyumba, koma ine ndinkawadula mwaulemu kuti asankhe chimodzi. Zimene ananena pang'onozo ndinazimasulira m'Chingelezi madzulo omwewo, n'kutaya mawu awo enieni. Aphunzitsi ondiyang'anira ataona mutu wachinayi anandifunsa kuti, "Mayi, ziwirizi mwazipeza m'nkhanimo kapena mwapita nazo?" Ndinayankha kuti zonse ziwiri, a Dokotala. Anandiuza kuti ndipeze munthu wina achongeko nkhani zina payekha. Nthawi inali itatha, ndalama zolipira munthuyo ndinalibe, ndipo ndinapereka ntchito ija osachita zimenezo.

Tsiku loteteza kafukufuku oyesa anali atatu. Mayi wina wachikulire mwa iwo sanafunse za Saussure kapena Lévi-Strauss, amene ndinawaloweza usiku wonse. Anatsegula kumapeto kwa buku langa, pamene ndinaika zitsanzo za nkhani, n'kulitembenuzira kwa ine patebulo. Inali nkhani yaifupi ya kutsekedwa kwa zitsime zosazama ku Kanyama. Anati, "Mwachonga eya apa. Tandilozerani ndi chala pamene pali mayadi." Ndinayendetsa chala mzere ndi mzere mpaka pansi, ndinabwereranso pamwamba. Munali khonsolo, munali zitsime, munali anthu okana kuti zitsime zawo zikwiriridwe. Mayadi munalibe. Ndinati abisika, a Pulofesa. Anati, "Abisika kuti? Ndi chiyani m'nkhanimu chimene chakuuzani kuti alipo?" M'chipindamo munangoti zii. Kenako anafunsa kumene ndimakhala, ndinati ku Chilenje. "Nanga Chilenje mwamuika mbali iti?" Funso lachitatu linali lakuti ndani winanso anachonga nkhanizi.

Anagamula kuti ndikonzenso zambiri n'kudzatetezanso pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Ndinatuluka miyendo ili lende. Manyazi anali aakulu kuposa mkwiyo, chifukwa ndinadziwa pomwepo kuti mayi aja sanandilakwire. Kwa milungu itatu sindinatsegule kompyuta. Za ndalama ndinene mosabisa: kulembetsanso kunanditengera K7,500, makope anayi a masamba 140 amene ndinasindikiza pa K840 anangosanduka mapepala oyatsira mbaula, ndipo ntchito imene ndinkayembekezera kufunsira ndi digiriyo inandidutsa. K1,800 imene ndinalephera kulipira wochonga wachiwiri poyamba paja ndinadzailipirabe.

Poyambiranso, chinthu choyamba chinali chomwe ndinachithawa chija. Ndinapempha mnzanga wa m'kalasi kuti achonge nkhani 30, zosankhidwa mwa maere, ndi fomu yanga yakale, osaona mayankho anga. Tinagwirizana pa nkhani 22, ndiye kuti 73 peresenti, ndipo poyamba ndinaona ngati si zoipa. Koma kugwirizana kotere kumanyenga pamene nonse mumakonda yankho limodzi. Ine ndinachonga eya pa 27, iye pa 21. Kawerengedwe kake nkotere. Gawo langa la eya, 27 mwa 30, kuchulukitsa ndi lake, 21 mwa 30, kumapereka 0.63. Gawo langa la ayi, 3 mwa 30, kuchulukitsa ndi lake, 9 mwa 30, kumapereka 0.03. Kuphatikiza ndi 0.66, kutanthauza kuti ngakhale tikanangochonga osawerenga tikanagwirizana pa 66 peresenti. Muyeso wotchedwa kappa, umene Jacob Cohen anaufotokoza mu 1960, umachotsa mwayi umenewo: mumatenga 0.733 kuchotsa 0.66, zotsalazo n'kugawa ndi 0.34, amene ndi 1 kuchotsa 0.66. Zinatuluka pafupifupi 0.22. Klaus Krippendorff, pa muyeso wake wofanana nawo wotchedwa alpha, amati zodalirika ziyambire pa 0.800, ndipo zosafika 0.667 musamangirepo mfundo. Mnzangayo anangoti, "Asisi, pa zisanu ndi ziwirizi ine sindikuona mayadi. Mwina mumawaona chifukwa mukuwafuna."

Fomu yatsopano inayamba ndi lamulo la umboni, ndipo ili ndi limene ndikufuna aliyense alembe pa tsamba loyamba la ntchito yake. Ziwiri zotsutsana zimawerengedwa pokhapokha mutakopera mawu enieni amene akuzisonyeza. Ndinagawa patatu. Zoonekera ndi pamene mbali zonse ziwiri zatchulidwa ndipo zalumikizidwa ndi mawu osiyanitsa, monga koma, pomwe, osati, m'malo mwa, kusiyana ndi, kapena anzake a m'Chingelezi. Zobisika ndi pamene mbali imodzi sinatchulidwe koma pali chizindikiro chogwirika: mutu wa nkhani, mawu a pansi pa chithunzi, kapena liwu limene silingamveke popanda linzake, monga kunena kuti malo osaloledwa, amene amafuna kuti kukhale malo ololedwa. Gulu lachitatu ndi palibe, ndipo liyenera kukhala yankho lolemekezeka ngati ena awiriwo. Komanso sindinalembe maina a ziwirizo pafomu ndisanawerenge. Ndinawerenga kaye nkhani 20, ndikulemba chilichonse chimene nkhaniyo yokha ikuimika moyang'anizana, ndipo mndandanda unachokera pamenepo.

Zimene zinatuluka zinandidabwitsa. M'nkhani zimene ndinasonkhanitsazo, komboni ndi mayadi zinalimo koma mwa apo ndi apo. Zochuluka zinali ukhondo ndi uve, komanso omvera lamulo ndi osamvera, makamaka mu Januwale pamene nkhani inatembenukira kwa mavenda. Apa m'pamene ndinaphunzira kufunsa kuti kutsutsanaku ndi kwa mtundu wanji, chifukwa si konse kofanana. Pali kumene kulibe pakati, monga wamoyo ndi wakufa, kapena pala ndi phala. Pali kwa masitepe, monga kutentha ndi kuzizira, kumene pakati pali kufunda. Pali kwa ubale, monga wogula ndi wogulitsa, mwini nyumba ndi wa lendi, kumene mbali imodzi singakhalepo popanda inzake. Ukhondo ndi uve ndi za masitepe, koma wolemba akhoza kuzilemba ngati zopanda pakati, ndipo pamene wachita zimenezo m'pamene wofufuza ayenera kuima n'kuyang'anitsitsa. Komboni ndi mayadi nazonso ndi za masitepe. Chilenje, Libala ndi Kabwata, nyumba zakale za khonsolo zija, zili pakati. Kalingalinga ndi komboni, koma yazunguliridwa ndi yunivesite, masitolo akuluakulu ndi nyumba za lendi yodula. Ine ndinatenga chinthu cha masitepe n'kuchichonga ngati kampweya ka phala.

Chotsatira ndi kufunsa kuti pa ziwirizi chili pamwamba ndi chiti. Jacques Derrida, amene mabuku ake otchuka pa nkhaniyi anatuluka mu 1967, ankanena kuti ziwiri zotere sizikhala moyandikana mwamtendere, chimodzi chimalamulira chinzake. Edward Said mu 1978 anasonyeza mmene olemba a ku Ulaya ankamangira "Kummawa" kuti "Kumadzulo" kuoneke kwanzeru, ndipo Chinua Achebe mu 1975, polankhula za buku la Joseph Conrad, anasonyeza mmene mtsinje wa Congo unaimikidwira moyang'anizana ndi wa Thames kuti Africa ikhale mthunzi wa Ulaya. Poyamba maina amenewa ndinkangowatchula m'mutu wachiwiri ngati zokongoletsa. Tsopano ndinawasandutsa zowerengeka. Pa nkhani iliyonse ndinalemba amene walankhula ndi mawu ake enieni, amene wangonenedwa, amene watchulidwa dzina ndi udindo, ndi amene watchulidwa ngati gulu lopanda nkhope. Ndinalembanso amene ali wochita m'chiganizo ndi amene ali wochitidwa. Teun van Dijk ali ndi kachitidwe kanayi kamene kanandithandiza kusanja zimenezi: kukweza zabwino zathu, kukweza zoipa zawo, kuchepetsa zoipa zathu, kuchepetsa zabwino zawo. Njira ina yachidule ndi kusinthanitsa maina. Tengani chiganizo chonena za Kanyama, muikepo Kabulonga ya kumayadi, muwerenge mokweza. Chikamveka chachilendo moti mkonzi sangachilole, mwapeza pamene pali msinkhu wosiyana, ndipo mukhoza kuulozera ndi chala.

Pano pali dzenje lina limene ndinagweramo m'buku loyamba lija. Nditaona kuti komboni ikuikidwa pansi, ndinangotembenuza: a kukomboni onse osalakwa, a kumayadi ndi akuluakulu onse oipa. Kutembenuza ndi sitepe yoyamba chabe. Mpanda umakhala uli pomwepo, mwangosintha mbali imene mwaima. Ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti anthu a ku Kanyama analembedwa mopanda chilungamo m'nkhani zina, koma sindiwathandiza powasandutsa gulu limodzi lopanda nkhope kachiwiri, ngakhale ndikuwayamikira.

Kuti ndimupezenso Kalulu wa pakati uja ndinagwiritsa ntchito bokosi la ngodya zinayi la A. J. Greimas, wa ku Lithuania amene ankaphunzitsa ku Paris. Mumajambula ngodya ziwiri zapamwamba, ukhondo ndi uve. Pansi mumaika zokana zake, chosakhala chauve ndi chosakhala chaukhondo. Kenako mumafunsa kuti ndi chiyani m'zolemba zanu chimene chikukhala m'ngodya zapansizo. Zanga zinadzaza msanga. Madzi a pakiyosiki ali ndi klorini, koma atungidwira m'chigubu chosatsukidwa mkati. Madzi a pachitsime chobowola cha kumayadi ndi oyera mbee powaona, koma dzenje la zonyansa za m'nyumba lili pa yadi yomweyo. Mbali yaikulu ya Lusaka yakhala pa mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu, ndipo ku Kanyama madzi apansi ali pafupi kwambiri, moti mvula ikagwa za m'chimbudzi ndi za m'chitsime zimakumana. Madzi apansiwo sadziwa malire a komboni. Nkhani 17 zimene zinakana kulowa mbali iliyonse ndinazilemba pa tsamba lakelake, m'malo mozikankhira kumene kunali pafupi monga ndinkachitira kale.

Mafunso a timabokosi tiwiri aja ndinawataya onse. Funso lokakamiza kusankha limabala lokha kutsutsana kumene mukufuna kuyeza, ndiye mayankho 60 aja ankangondibwezera mawu anga. M'malo mwake ndinakonza zocheza ndi anthu 24, kuyamba ndi funso lotseguka lakuti andifotokozere mmene zinthu zinalili chaka chimenecho. Ngati mukufunabe manambala, pali sikelo ya Charles Osgood ya mu 1957, imene imaika mawu awiri otsutsana kumapeto ndi masitepe asanu ndi awiri pakati, kuti munthu athe kuima pakati akafuna. Koma mawu a kumapetowo atengedwe pakamwa pa anthuwo mutacheza nawo kale.

Apa m'pamene nthawi inanditayikira. Kusintha njira yofunsira kunafuna chilolezo chatsopano cha komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa, ndipo ndinadikira milungu isanu ndi iwiri. Chilolezo chitangotuluka, kolera anabweranso mu Okutobala 2023. Bwalo la masewera la National Heroes linasanduka chipatala, masukulu sanatsegulidwe mpaka pa 12 Febuluwale 2024, ndipo sikunali koyenera kuyenda khomo ndi khomo ndi chojambulira mawu pamene anthu akuika maliro. Ndinadikira mpaka mvula itatha. Miyezi isanu ndi umodzi ija inakhala khumi ndi umodzi. Wina aliyense wokonza ndondomeko awerengerenso nthawi yolemba zojambulidwa: ola limodzi la mawu linkanditengera maola asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo zocheza 24 za mphindi pafupifupi 40 zinadya maola oposa 80.

Mayi wina wa ku Kanyama, amene ndinacheza nawo atakhala pa mpando wa pulasitiki pafupi ndi zigubu zawo zisanu zachikasu, ndi amene anandisonyeza zimene ndinataya pomasulira msanga. Ndinafunsa kuti, "Amayi, anthu amati kuno n'kwauve, inu mumati bwanji?" Anati, "Mwananga, litsiro ndi la mwana wosewera panja, limachoka ndi sopo. Zinyalala ndi za khonsolo, sabwera kudzatenga. Uve ndi wa munthu amene ali ndi madzi koma sasamba. Ife tilibe madzi. Musatinene uve." Mawu atatu amenewa, litsiro, zinyalala ndi uve, m'buku loyamba ndinawamasulira ndi liwu limodzi la Chingelezi. M'Chinyanja chawo liwu lililonse linali ndi mwini mlandu wake, ndipo kutsutsana kumene iwo ankamanga kunali pakati pa uve ndi kusowa. Kuyambira pamenepo ndinachonga m'chilankhulo chimene munthu walankhula, Chinyanja kapena Chibemba, ndipo kumasulira kunkabwera pomaliza, pa mawu okhawo olowa m'buku.

Chinanso cha chilankhulo chathu chimene mabuku a kunja sangakuuzeni ndi ichi. Ofufuza za "ife" ndi "iwo" amakonda kuuza kompyuta kuti iwerenge mawu amenewa. M'Chingelezi zimatheka. M'Chichewa "ife" nthawi zambiri amabisala m'mneni: tikuvutika, amatilipiritsa, anatithamangitsa. Mukangofufuza liwu lakuti ife, mupeza ochepa kwambiri. Muyenera kuwerenga ti ndi a m'mneni uliwonse, ndi maso anu. Ndiponso a si "iwo" nthawi zonse. Munthu akati "anabwera kudzatseka chitsime", akhoza kukhala akunena gulu la khonsolo, kapena bambo mmodzi amene akumupatsa ulemu. Pa fomu ndinawonjezera danga lolembamo kuti a ameneyu ndi ndani, ndipo pamene sindinathe kudziwa ndinkabwerera ku mawu ojambulidwa.

Nditatsata ti ndi a mwa njira imeneyi, "iwo" wa anthu amene ndinacheza nawo kawirikawiri sanali wa kumayadi. Anali mwini nyumba amene wamanga zipinda khumi pa chimbudzi chimodzi, ndipo mwini nyumbayo nayenso amakhala pa yadi yomweyo. Eni nyumba atatu amene ndinacheza nawo "iwo" wawo anali a lendi osasonkha ndalama yopopera chimbudzi. Mtsikana wina amene amagona ku Kanyama n'kumagwira ntchito ya m'nyumba ku Kabulonga ankati "ife" ponena za banja la mabwana ake pa nkhani ya kuwiritsa madzi, n'kutinso "ife" ponena za aneba ake pa nkhani ya asilikali, m'mphindi zisanu zomwezo. Sindinamukonze, ndinalemba zonse ziwiri.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi kuzindikira kuti chenjezo linali pafupi nane nthawi yonseyi. Ofufuza a Rhodes-Livingstone Institute, imene inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 n'kudzasamukira ku Lusaka, ndipo lero ndi INESOR, bungwe la kafukufuku la pa Yunivesite ya Zambia, analimbana ndi ziwiri zotchuka za nthawi yawo, wa kumudzi ndi wa m'tauni. Max Gluckman ankanena kuti Mwafirika wa m'tauni aonedwe ngati munthu wa m'tauni, wa mumgodi ngati wa mumgodi. J. Clyde Mitchell mu 1956 analemba za gule wa kalela ku Luanshya, kumene ovina ankavala zovala zaudongo za Chizungu uku akuimba za mitundu, moti sakanaikidwa mbali imodzi. James Ferguson mu 1999, atafufuza ku Kitwe, anasonyeza kuti za kumudzi ndi za m'tauni ndi makhalidwe amene munthu amaphunzira n'kuwasonyeza, si masitepe a ulendo wochoka kumudzi kupita ku chitukuko. Ndinawerenga za ku Paris ndi ku Geneva, za ku Luanshya ndinazidumpha. Wofufuza za mu Zambia ayambe ndi amenewa asanajambule mizere yake iwiri.

Titachonganso ndi mnzanga uja nkhani zina 30 pa fomu yatsopano, pa funso la ukhondo ndi uve tonse tinati eya pa 14, tonse ayi pa 13, tinasiyana pa zitatu. Ine eya anali 16, iye 15, ndiye mwayi wongogwirizana unali 0.5, ndipo kappa inafika 0.80. Zitatu zosiyanazo tinakhala pansi n'kuzikambirana, ndipo ziwiri mwa izo zinasonyeza kuti lamulo langa la zobisika linali losamveka pa nkhani ya zithunzi. Ndinalilembanso kuti chithunzi chiwerengedwe pokhapokha mawu a pansi pake atchula malo kapena gulu la anthu.

Nkhani 17 zokana kugawidwa zija, pamodzi ndi mawu a mayi a zigubu ndi a mtsikana wa ku Kabulonga, zinakhala mutu wachisanu, umene m'buku loyamba munalibe. Komboni ndi mayadi zinatsala ndi masamba anayi, pamene zinaonekadi ndi umboni wake. Tsiku lotetezanso mayi achikulire aja analipo. Anatsegulanso kumapeto, anasankha nkhani ina ya mavenda a mu Januwale 2018, n'kunditembenuzira buku. "Apa mwati omvera ndi osamvera. Tandilozerani." Ndinaika chala pa mzere wachitatu, pamene panali liwu losiyanitsa, kenako pa mawu a pansi pa chithunzi. Anawerenga, anagwedeza mutu, n'kutsegula mutu wachisanu, ndipo mafunso onse otsala a tsikulo anachokera m'menemo.